KODI KULANKHULA NKOFUNA DIGIRI?

Munthu akamva koyamba kuti ku Amereka kuli anyamata ndi asungwana amene amatha zaka zinai pa yunivesite alinkuphunzira kulankhula, ndipo potsiriza amabvala mkanjo nalandira digiri chifukwa cha phunzirolo, amayamba waseka. Kodi kulankhula si kuja mwana amakuphunzira ali kumsana kwa amake, asanadziwe ndi kumene kuli sukulu komwe? Kodi nkhoswe imene imazimitsa moto m'banja, kapena nduna ya mfumu imene imafunsa mlandu pabwalo mpaka wabodza asowe pothawira, inapita ku koleji iti? Mafunso otere ali ndi nzeru mkati mwake, ndipo si a anthu a kuno okha ai. Aprofesa a ku Amereka eni ake anakhala zaka zambiri alinkufunsa zomwezo, ndipo ena a iwo sanaleke kufikira lero lino.

Chinkana ziri choncho, phunziroli liripo, liri ndi malamulo ake, mabuku ake ndi mayeso ake, ndipo dzina limene linadziwika nalo kwambiri ndi Speech Communication. Kwa mphunzitsi amene amaima pamaso pa ana tsiku ndi tsiku, ndi kwa wa nchito ya Boma amene amatumidwa kukafotokoza lamulo latsopano kwa anthu osalifuna, nkhani ya m'mene phunziroli linapezera malo, ndi zimene wophunzira amachita kuti alandire digiriyo, siiri kutali monga kuliri Amerekako.

APHUNZITSI 17 A KU CHICAGO

Mwezi wa November chaka cha 1914 aphunzitsi a Chingerezi a m'dziko la Amereka anasonkhana mu mzinda wa Chicago pa msonkhano wa bungwe lao, National Council of Teachers of English. Pakati pao panali kagulu ka aphunzitsi a kulankhula pagulu, amene anali atatopa nako kukhala ngati nkhuku zachilendo m'khola la eni. M'mayunivesite ambiri nthawi imeneyo iwo anali pansi pa akulu a dipatimenti ya Chingerezi, ndipo akuluwo ankayesa kulankhula ngati kamwana ka kulemba: munthu akadziwa kulemba chimangirizo chabwino, chatsala nkungotsekula pakamwa basi. Mphunzitsi wa kulankhula ankasenzetsedwa nchito yokonzekeretsa anyamata ku mpikisano wa mtsutso, koma ikafika nthawi yokweza anthu pa nchito dzina lake linkabwera pambuyo. Tsono aphunzitsi 17 anapatukana ndi anzao, nakhazikitsa bungwe laolao lotchedwa National Association of Academic Teachers of Public Speaking. Mtsogoleri wao woyamba anali James O'Neill wa ku yunivesite ya Wisconsin, amene chaka cha 1913 anali atanena kale poyera kuti nchito ziwirizi zisiyane, ndipo chaka cha 1915 anayamba kusindikiza magazini yao yotuluka kanai pa chaka.

Liu lakuti Academic m'dzina lalitalilo sanaliike pokometsera, pakuti anthuwa anali ndi adani mbali ziwiri. Kuwonjezera pa a Chingerezi panalinso aphunzitsi a katchulidwe ndi kaimidwe, otchedwa a elocution, amene nzeru zao zinachokera ku Mangalande. Thomas Sheridan wa ku Ireland, amene anali wochita masewero, anasindikiza maphunziro ake chaka cha 1762, ndipo chaka cha 1806 Gilbert Austin anatulutsa buku lotchedwa Chironomia, lodzaza ndi zithunzi zosonyeza pamene phazi liyenera kuponda ndi kumene dzanja liyenera kuloza. Nzeru zimenezi zitaoloka nyanja zinabala masukulu ambiri olipira, kumene ophunzira ankaloweza mau a eni ake nawanena mokweza, manja ali m'mwamba, maso ali kudenga. Inali ng'oma ndithu: liu lalikulu, mkati mopanda kanthu. Anthu ophunzira ankaseka zimenezi, ndipo poseka ankasekera kumodzi aliyense wophunzitsa kulankhula.

Zimene zinaoneka ku Harvard zinali chenjezo lokwanira. Kumeneko kuli mpando wa uprofesa wotchedwa Boylston, umene unaikidwa kuti wokhalapo aziphunzitsa luso la kulankhula pagulu. Woyamba kukhalapo, chaka cha 1806, anali John Quincy Adams, yemwe anadzakhala Prezidenti wa dzikolo chaka cha 1825. Koma pamene Adams Sherman Hill anautenga chaka cha 1876 nchito yake inasanduka yophunzitsa kulemba ndi kukonza zolakwa za m'zimangirizo, ndipo m'zaka za pambuyo pake pampandopo panakhala alakatuli monga Archibald MacLeish ndi Seamus Heaney. Mpando unatsala ndi dzina lake, kulankhula kutachokapo kale.

Amene anasonyeza njira yatsopano anali James Winans wa ku Cornell, mmodzi wa anthu 17 aja, m'buku lake la chaka cha 1915. Iye anaphunzitsa kuti kulankhula pagulu ndi kucheza komwe kuja, koma kucheza kokulitsidwa. Wolankhula aziganizira tanthauzo la mau ake pa nthawi imene alinkuwanena, ndipo azikumbukira kuti alinkulankhula ndi anthu, si ndi mpweya ai. Kuchokera pa maganizo amenewa mamaliki anasamuka. Anachoka pa dzanja ndi pa phazi napita pa mfundo, pa umboni, pa kasanjidwe ka nkhani, ndi pa kudziwa omvera. Digiri yonse ya lero inamangidwa pa maziko amenewo.

MUYESO WA DIGIRIYO

Wozolowera dongosolo la ku Mangalande, kumene wophunzira amagwira phunziro limodzi zaka zitatu, amadabwa poona kuti wa ku Amereka wotenga digiri ya kulankhula amatha nthawi yake yambiri pa zinthu zina. Kumeneko maphunziro amayesedwa ndi muyeso wotchedwa credit. Credit imodzi imaimira ora limodzi la m'kalasi ndi maora awiri owerenga payekha pa sabata, kwa masabata ngati 15, amene ndi theka la chaka cha sukulu. Maphunziro ambiri amalemera macredit 3, ndipo digiri yoyamba m'mayunivesite ambiri imafuna macredit 120. Kunena kwina, wophunzira amatenga maphunziro ngati 40 pa zaka zinai, asanu pa theka lirilonse la chaka.

Mwa 120 amenewo, a dipatimenti ya kulankhula kawirikawiri amakhala pakati pa 30 ndi 40, ndiwo maphunziro 10 kufikira 13. Gawo lina lalikulu limapita ku maphunziro a onse, amene aliyense ayenera kuwatenga kaya adzakhala injiniya kaya mbusa: kulemba, masamu, sayansi, mbiri yakale ndi zina zotero. Otsalawo wophunzira amasankha yekha, ndipo ochenjera amawaunjika pa phunziro limodzi lachiwiri monga za ndale, za malonda kapena za maganizo a munthu, popeza wodziwa kulankhula wopanda chimene adziwa ali ngati mtondo wopanda mgaiwa. Kumene kuli digiri za mitundu iwiri, ya Bachelor of Arts imakonda kufuna chinenero chachilendo, pamene ya Bachelor of Science imafuna masamu ndi chiwerengero.

Kukhoza kumalembedwa ndi malemba. A amalemera 4, B 3, C 2, D 1, ndipo F, amene ndi kulephera, alibe kanthu. Kuti munthu alandire digiri, mamaliki ake onse akaphatikizidwa ndi kugawidwa asatsike pansi pa 2.0, ndipo madipatimenti ambiri amaonjezapo lamulo lakuti m'maphunziro a dipatimentiyo D sawerengedwa. Wopeza D abwereze. Maphunziro ali ndi manambala osonyeza msinkhu wao, kuyambira a m'ma 100 a chaka choyamba kufikira a m'ma 400, ndipo pali chiwerengero cha apamwamba chimene munthu sangachizembe pothawira ku ofewa. Chakumapeto ambiri amatumidwa kukagwira nchito miyezi ingapo m'ofesi, ku nyumba ya wailesi kapena ku bungwe lothandiza anthu, nalembapo lipoti. Ndipo chaka chotsiriza pamakhala phunziro lomangira zonse, m'mene wophunzira amafufuza nkhani imodzi yekha, nailemba, naifotokoza pakamwa pamaso pa aphunzitsi.

PHUNZIRO LOYAMBA

Khomo lolowera ndi phunziro la kulankhula pagulu, ndipo ili ndilo limene anthu ambiri a ku Amereka amalidziwa, chifukwa silitengedwa ndi a dipatimentiyo okha. Ku Pennsylvania State University pafupifupi wophunzira aliyense ayenera kupyola m'phunziro lotchedwa Effective Speech, ndipo m'makoleji a California State University munthu salandira digiri iriyonse asanapambane phunziro la kulankhula.

Kalasi yake imakhala yaing'ono, kawirikawiri ya anthu 20 kapena 25, ndipo chifukwa chake ndi cha masamu chabe. Ngati anthu 25 alankhula mphindi 6 aliyense, zatha mphindi 150, imene ndi nthawi yonse ya phunzirolo pa sabata lathunthu, mphunzitsi asananenepo kanthu. Pa masabata 15 wophunzira amaima kanai kapena kasanu. Poyamba amadzifotokoza yekha kapena mnzake. Kenaka pamabwera nkhani yodziwitsa, m'mene ayenera kufotokoza chinthu momveka osatengapo mbali. Pambuyo pake nkhani yokopa, m'mene ayenera kusuntha maganizo a omvera. Ndipo aphunzitsi ena amaonjeza mau a pamwambo, onga a pamaliro kapena othokoza munthu wopuma pa nchito.

Chimene chimadabwitsa obwera kumene nchakuti nchito yaikulu imachitika munthu asanatsekule pakamwa. Masiku angapo tsiku lolankhula lisanafike wophunzira amapereka chikonzero cholembedwa. Pamwamba pake pamakhala cholinga cha nkhaniyo m'chiganizo chimodzi chokha, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa, pakuti munthu akhoza kukhala ndi mau odzaza dengu koma osatha kunena m'chiganizo chimodzi chimene afuna kuti omvera apite nacho kwao. Pansi pake pamakhala mitu iwiri kapena itatu, pansi pa mutu uliwonse umboni wake, ndi kumene umboniwo wachokera. Polankhula ayenera kutchula ndi pakamwa mwini wa chiwerengero chirichonse chimene wanena. Wopeka umboni, kapena wotenga mau a wina ngati ake, amalephera nchitoyo, ndipo mlandu wake ukhoza kufika kwa akulu a yunivesite.

Pa tsiku lake saloledwa kuwerenga pepala kuyambira pamwamba kufikira pansi, monga amachitira alendo olemekezeka ambiri pa misonkhano, mutu uli chozolika, anthu alinkuodzera. Saloledwanso kuloweza. Amanyamula timakadi tolembapo mitu yokha, ndipo mau ake amawapeza ali chiriri. Kumbuyo kwa kalasi kumakhala wosunga nthawi wokweza chikwangwani mphindi zikatsala pang'ono, ndipo wopyola malire amachotseredwa mamaliki, lamulo limene likadapulumutsa nsima zambiri zozizira likadafika pa misonkhano ina. Nkhaniyo imajambulidwa pa kanema, ndipo wophunzira ayenera kukadzionera yekha nalemba zimene waona. Ambiri amati chilango chachikulu cha phunziroli nchimenechi.

Pa nkhani yokopa amaphunzitsidwa dongosolo la Alan Monroe wa ku Purdue, lofalitsidwa m'buku lake la chaka cha 1935, limene liri ndi makwerero asanu. Tinene kuti msungwana afuna kukopa anzake kuti akapereke magazi ku chipatala. Ayambe ndi kanthu kogwira makutu. Asonyeze kusowa kumene kulipo, ndi kuti kukuwakhudza iwo amene. Apereke njira yothetsera kusowako, nayankhiretu zokaika zao. Awaonetse m'maganizo m'mene zinthu zidzakhalira akachita kapena akapanda kuchita. Ndipo potsiriza awauze chochita chenicheni, malo ake ndi tsiku lake. Khwerero lotsirizali ndilo limene olankhula ambiri amaliiwala. Anthu amaomba m'manja, namwazikana, wina aliyense osadziwa chimene wapemphedwa.

Za mantha nazonso zinafufuzidwa. James McCroskey, amene anagwira nchito zaka zambiri ku West Virginia University, anatulutsa chaka cha 1970 mafunso oyesera mantha a kulankhula, ndipo mtundu wake wa pambuyo uli ndi mafunso 24 okhudza kulankhula ndi munthu mmodzi, m'kagulu, pa msonkhano ndi pagulu. Anapeza kuti pafupifupi wophunzira mmodzi mwa asanu ali ndi mantha akulu ndithu, otha kumthawitsa phunziro kapena nchito imene akadaitha bwino. Chifukwa cha ichi mayunivesite ena ali ndi makalasi apadera a anthu otere. Mphunzitsi wa pulaimale amene amayesa mwana wachete ngati mbuli angapindule poganizira chiwerengero chimenechi.

Mbali ina ya phunziroli ndi kumvetsera. Ralph Nichols wa ku Minnesota analemba chaka cha 1957 kuti munthu akangotha kumva nkhani amakumbukira ngati theka lokha, ndi kuti wolankhula Chingerezi amatulutsa mau ngati 125 pa mphindi pamene maganizo a womvera amathamanga koposa pamenepo, kotero kuti mpata wotsalawo maganizo amapita kumunda kapena kumsika. Nchifukwa chake ophunzira amapatsidwa mamaliki pa kuweruza nkhani za anzao, osati pa zao zokha.

ZA M'KATI MWA NYUMBA

Wopitirira khomo loyambalo amapeza zipinda za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa nzeru zakale za Agriki ndi Aroma, zotchedwa rhetoric. Amawerenga Aristotle, amene anaphunzitsa kuti anthu amakopeka ndi zinthu zitatu: khalidwe la wolankhula monga lionekera m'mau ake, mtima wa omvera, ndi kulemera kwa mfundo. Amawerenga Cicero ndi Quintilian, ndi magawo asanu a nchito ya wolankhula, ndiwo kupeza chonena, kuchisanja, kuchibveka mau, kuchisunga m'mutu ndi kuchipereka. Amawerenganso mdani wa phunziro lao, Plato, amene m'buku lotchedwa Gorgias anafanizira luso lokopa ndi kuphika zonona zokondweretsa pakamwa zosasamala za thanzi la thupi. Chinenezo chimenechi sichinafe. Akulu anati mau okoma anatulutsa njobvu m'munda, koma mau okoma omwewo analowetsanso anthu ambiri m'mabvuto, ndipo dipatimenti imene siiphunzitsa kusiyanitsa ziwirizi yangonola mpeni ndi kuupereka kwa aliyense wodutsa.

M'chipinda chomwecho muli phunziro la kuweruza nkhani zolankhulidwa ndi anthu otchuka. Herbert Wichelns wa ku Cornell analemba chaka cha 1925 kuti nkhani ya pakamwa isayesedwe ndi muyeso wa ndakatulo, wa kukongola kapena kukhalitsa, koma ndi zimene inachita kwa anthu amene anaimva pa tsiku lake. Ophunzira amasanthula mau a Abraham Lincoln a ku Gettysburg chaka cha 1863, amene anatha mphindi ngati ziwiri, pamene Edward Everett, mlendo wamkulu wa tsikulo, anali atalankhula maora awiri. Lero a Lincoln ndiwo amakumbukika. Amasanthulanso mau a Martin Luther King a ku Washington chaka cha 1963, amene akatswiri 137 ofunsidwa chaka cha 1999 anawaika patsogolo pa nkhani zonse za ku Amereka za m'zaka za m'ma 1900.

Phunziro la mtsutso ndilo limene liri ndi mbiri yokoma koposa. M'menemo wophunzira amakakamizidwa kuimira mbali imene saikhulupirira, mawa lake naimira inayo, kuti adziwe kulemera kwa maganizo a mnzake. Ndipo amaphunzira njira ya Stephen Toulmin ya chaka cha 1958 yophwanyira mfundo m'zigawo zake: chimene wanena, umboni wake, ndi ulalo wolumikiza ziwirizo, umene nthawi zambiri ndiwo umakhala wofumbwa. Chaka cha 1935, masiku a tsankho loopsa, gulu la mtsutso la Wiley College, kakoleji ka anthu akuda ka ku Texas kophunzitsidwa ndi Melvin Tolson, linagonjetsa University of Southern California. Mmodzi wa ophunzira a Tolson, James Farmer, anadzakhala mtsogoleri wamkulu womenyera ufulu wa anthu akuda. Barbara Jordan, amene mau ake m'Nyumba ya Malamulo pa mlandu wa Prezidenti Nixon chaka cha 1974 anagwedeza dziko, anasulidwa m'gulu la mtsutso la Texas Southern University. Ndipo aphunzitsi angakonde kudziwa kuti Lyndon Johnson, asanalowe ndale, anali mphunzitsi wa kulankhula ndi mtsutso pa sukulu ya sekondale ku Houston chaka cha 1930.

Mtundu wachiwiri wa zipinda ndi wa sayansi ya khalidwe la anthu. Muno muli kulankhulana kwa anthu awiri, m'banja kapena pa nchito. Kayendetsedwe ka timagulu ndi makomiti. Kayendedwe ka uthenga m'maofesi akulu, kuchokera kwa bwana kutsika ndi kuchokera pansi kukwera. Ndi zimene thupi limanena pakamwa pali chete. Mulinso phunziro la njira zofufuzira, limene ambiri amadana nalo chifukwa cha masamu ake, koma limene limateteza munthu ku mabodza obvala jekete. Chitsanzo nchija chimamveka pa misonkhano yosula anthu, chakuti mau amanyamula magawo 7 okha pa 100 a uthenga, otsalawo ndi liu ndi nkhope. Chiwerengerocho chinachokera ku zofufuza za Albert Mehrabian za chaka cha 1967, zimene zinali za liu limodzi lokha losonyeza kukonda kapena kusakonda, ndipo mwini wake anachenjeza kuti zisagwiritsidwe nchito pa kulankhula konse. Zikadakhala zoona, bwenzi munthu akumva Chitchaina pongoyang'ana nkhope.

Phunziro la kulankhulana kwa anthu a miyambo yosiyana linayamba ndi nchito ya Boma. Edward T. Hall anaphunzitsa akazembe ndi anchito a Boma la Amereka otumidwa kunja m'zaka za m'ma 1950, ndipo buku lake The Silent Language linatuluka chaka cha 1959. Apa mpamene wophunzira wochokera kuno ku Malawi amamvetsa chifukwa chimene anabvutikira m'phunziro loyamba lija. Pa pepala la mamaliki la ku Amereka pali mzere wa kuyang'ana omvera m'maso, ndi wina wa kutchula mfundo yaikulu poyambirira. Mwana woleredwa kuti polankhula ndi akulu aziwerama, ndi kuti nkhani yolemera aziyamba ndi ulemu naizungulira ndi miyambi asanaigwire pakhosi, amataya mamaliki pa zinthu zimene kwao zikadamtamanditsa. Muyeso wa m'kalasimo ndi wa mtundu umodzi wa anthu, ndipo aphunzitsi abwino a phunziroli amabvomereza zimenezi.

DZINA LIMENE LINATAYIKA

Zipinda ziwiri zija sizinagwirizane kuyambira pachiyambi. M'magazini ya bungwe lija, chaka chake choyamba cha 1915 ndi chotsatira, Charles Woolbert wa ku Illinois ankati phunziroli likhale sayansi yoyesa ndi kuwerenga, pamene Everett Hunt ankati likhale losula munthu wodziwa zambiri ndi wotha kuweruza nkhani za dziko. Pa zaka zotsatira ana a m'nyumbamo anayamba kutuluka kukamanga zao. Othandiza achibwibwi ndi ena obvutika kutchula mau anayamba bungwe lao chaka cha 1925, ndipo lero nchito yao ndi ya zaumoyo, yofuna digiri yachiwiri ndi chiphaso. Munthu asasokoneze digiri imeneyo ndi ino. A zisudzo anachoka chaka cha 1936. Chaka cha 1950 okonda sayansi anakhazikitsa bungwe limene lero ndi International Communication Association.

Dzina la bungwe la anthu 17 aja likusimba nkhani yonse. Chaka cha 1923 linakhala National Association of Teachers of Speech, chaka cha 1946 Speech Association of America, ndipo chaka cha 1970, potsatira msonkhano wa ku New Orleans wa chaka cha 1968, Speech Communication Association. Chaka cha 1997 liu lakuti Speech linachotsedwa, bungwelo nkukhala National Communication Association. Madipatimenti nawo anatsata. Ya ku Illinois, kwao kwa Woolbert, inataya liulo chaka cha 2008. Lero wofuna maphunziro amenewa adzawapeza kawirikawiri pansi pa dzina la Communication Studies, pamodzi ndi za wailesi, kanema ndi intaneti, ngakhale makoleji ena akusungabe dzina lakale.

Ochotsa liulo anali ndi chifukwa chomveka, pakuti nchito yao inali itakula kupyola nsanja ya wolankhula. Koma mtengo wake ulipo. M'madipatimenti ena munthu akhoza kumaliza zaka zinai ataima pagulu m'phunziro limodzi lokha, lija la chaka choyamba limene anatenga pamodzi ndi ainjiniya, otsalawo nkukhala a kuwerenga ndi kulemba za kulankhula. Zimene zinaonekera mpando wa ku Harvard zabwera ndi njira ina. Chotero mphunzitsi wofuna kukaphunzira, kapena ofesi yofuna kutumiza munthu wake, asakhutire ndi dzina la digiri. Atenge mndandanda wa maphunziro nawerenge angati ali ofuna kuti wophunzira aime ndi kulankhula, ngati mtsutso ulipo, ndi ngati njira zofufuzira ziri zokakamiza kapena zosankha.

Digiriyi siipatsa munthu chiphaso cha nchito imodzi monga ichitira ya unamwino. Oitenga amamwazikana: ena ku maofesi ofalitsa nkhani za makampani ndi za Boma, ena ku malonda, ena ku nchito yosula anchito anzao, ena amapitirira ku sukulu ya malamulo kapena ya ubusa. Wofuna kuphunzitsa ku sekondale ayenera kuonjezapo chiphaso cha uphunzitsi cha dera limene akagwireko nchito. Wofuna digiri yachiwiri amatha zaka ziwiri zina pa macredit 30 kufikira 36, natsiriza ndi buku la zofufuza zake kapena mayeso akulu.

Ambiri a digiri yachiwiriyo amalipira maphunziro ao pophunzitsa. M'mayunivesite akulu phunziro loyamba lija limagawidwa m'makalasi makumimakumi, ndipo ndilo limabweretsa ophunzira ochuluka ku dipatimenti. Profesa mmodzi amaliyang'anira, nasankha buku ndi kulemba pepala la mamaliki, koma oima m'makalasimo ndi ophunzira a digiri yachiwiri ndi aphunzitsi olembedwa ganyu ya theka la chaka. Ena a iwo amalandira masiku ochepa okonzekera sukulu isanatsekulidwe, kenaka amapatsidwa kalasi yao, pepala la mamaliki, ndi wochi yosungira nthawi.